Uzimba wa ku Kamphanda

Chaka chimene anthu a m'midzi yozungulira Mualadzi anasankha komite ya nyama zakutchire, a Marko Mwale anali atasiya kale kuona. Chifunga chinayamba diso lamanja, kenaka chinawolokera kumanzere. Mwana wawo Célia anawatengera kuchipatala ku Tete, koma dotolo anati palibe chochita. Munthu amene kale ankaona khutu la gwape likugwedera mu udzu anayamba kuzindikira alendo ndi mawu okha. Akanakhala kuti akuona, palibe akanafunsa kuti mu komitemo mulowe ndani, pakuti kwa zaka zambiri iwo ndiwo ankatsogolera uzimba, kusaka kwa mudzi wonse kumene kunkachitika m'chilimwe, udzu utauma, mvula isanagwe.

Komiteyo inabwera ndi boma. Lamulungu lina anthu akutuluka m'kapela, panafika pa mota, njinga yamoto, mayi wina wa ku Chifunde, dzina lake Tânia, amene ntchito yake inali kuyang'anira nkhalango ndi nyama. Anafotokoza kuti boma silikufunanso kumangolamula lili kutali. Likufuna kuti eni dera azikhala pansi, azikambirana za kusaka, za moto wa m'tchire ndi za nguluwe zowononga minda, kenaka azilangiza a ku disitiritu. Chigamulo chidzakhala cha boma, koma mawu a komite adzamveka. Anawonjezera kuti mu komitemo muyenera kukhalanso amayi.

Amayi anayang'anana. Vaileti, amene ankatsogolera kwaya, anatchula dzina la Albina, mkazi wa a Marko, ndipo anzake anaomba m'manja Albina asanapeze mawu okanira.

Atafika kunyumba anapeza amuna ake ali pakhonde akupota chingwe cha khonje, ntchito imene manja awo ankaidziwa okha. Anawauza zonse. A Marko anaseka mpaka kutsokomola.

"Nabanda," anatero, pomuitana ndi dzina la mfunda wake monga ankachitira kuyambira ali anyamata, "inu mu komite ya nyama? Munaponyapo chibonga n'kamodzi komwe?"

"Sindinaponyepo. Koma zimene munkapha zija ankafutsa ndani?"

"Kufutsa si kusaka."

"Ndiye ndikawauze kuti a Mwale akana?"

A Marko anapotanso chingwe chawo pang'ono. "Pitani. Muzikabwera nazo kuno zimene akanene, ine ndizikuuzani polakwika."

Komite inkakumana Loweruka, kamodzi pamwezi, m'chipinda cha sikola ya ku Mualadzi. Akuluakulu ankadzipanikiza pa timipando ta ana, mawondo akugunda matebulo. Pulezidenti wake anali Crimildo, bambo wa ana asanu amene anaphunzira kusaka akuyenda kumbuyo kwa a Marko. Munalinso Osvaldo, mwini agalu ambiri m'dera lonselo, wolankhula mokweza ndi wosachedwa kupsa mtima. Ena anali alimi, katekisita ndi mphunzitsi mmodzi. Tânia ankabwera akapeza mafuta a mota.

Albina ankapita wapansi ndi kubwera wapansi. Panjira pobwerera ankasanja mawu m'mutu, kuti uyu ananena ichi, uyu anayankha ichi, chifukwa ankadziwa kuti a Marko akumudikira. Akangomva mapazi ake pabwalo ankakweza mutu.

"Lero anama zotani?"

Iye ankakhala pamphasa, kuvula nsapato, n'kuyamba kufotokoza. A Marko ankadula nkhani, ankatsutsa, ankafunsa kuti Osvaldo anati chiyani, nanga Crimildo anangokhala chete bwanji. Kuyambira pamene maso awo anazima, Albina anali asanawaonepo ali amoyo chonchi. Ndipo nkhani za komite sizinkathera pa komite. Zinkawatengera kumbuyo, kufikira zaka zija anabwerera kuchokera ku Zambia.

Nkhondo itakula anathawa ndi khamu la anthu kudutsa ku Cassacatiza, Célia ali kumsana, ndipo anakakhala mumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi. Mtendere utabwera anabwerera ndi mitolo pamutu, n'kupeza mudzi wasanduka thengo. Mitengo inali itamera m'kati mwa nyumba. Kapela inalibe denga, ndipo tsiku loyamba amuna atalowamo kuti aone zotsala, mbawala inadzuka pamene panali guwa n'kutulukira pazenera. Minda inali ya kuswa mwatsopano, ndipo kufikira kukolola koyamba chakudya chinali chosowa. Chimene chinawasunga chinali thengo la Kamphanda, kuseri kwa mtsinje, kumene nyama inachulukana zaka zonse zimene anthu kunalibe.

"Mukukumbukira ngoma ija?" ankatero a Marko. "Ya nyanga zopotana katatu?"

"Inatenga amuna asanu ndi mmodzi kuinyamula."

"Asanu ndi atatu."

"Chaka chilichonse mumawonjezera awiri."

Ankaseka onse. Albina ankakumbukira mbali yake. Amuna ankanyamuka m'bandakucha ndi agalu, maukonde, mikondo ndi zibonga. Amayi ankatsatira dzuwa litakwera, atasenza mitsuko ya madzi ndi ya thobwa, n'kukadikira pamtsinje. Kumeneko ankamva zonse osaona kanthu: kuuwa kwa agalu kukuyenda m'mbali mwa phiri, mfuu ya amuna ikuyandikira, ndi mawu a a Marko pamwamba pa onse, akuuza mzere wa kumanzere kuti usathamange. Madzulo ake mudzi wonse unkanunkha utsi wa nyama, ndipo ngakhale amasiye ankadya.

Zaka zinapita. Anthu anachuluka, minda inakwera m'phiri, otentha makala analowa. Kunabweranso misampha ya waya imene siigona ndipo sisankha, ndi anyamata okagulitsa nyama yofutsa kwa oyendetsa magalimoto akuluakulu pamsewu wa ku Cassacatiza. Uzimba unkachitikabe, koma amuna ankabwerako ndi manyazi. A Marko zimenezi ankazimva, koma sankazikhulupirira kwenikweni. Kwa iwo Kamphanda anali monga anamuonera komaliza, ndipo amuna a masiku ano ndiwo anali aulesi. Albina ankapita kumeneko chaka ndi chaka kukazula bowa ndi kutola masuku, ndipo ankadziwa mmene kunalili. Akamufunsa ankangoti, "Kuli bwinobwino." Sankaona chifukwa cholanda munthu wosaona chinthu chokhacho chimene ankachionabe.

M'chaka chachiwiri cha komite, Tânia anabwera ndi nkhani yaikulu. A ku disitiritu ankaganiza zotseka Kamphanda kwa zaka zisanu: osasaka, osatchera, osatentha makala, osayatsa moto. Ankafuna kumva maganizo a komite pamsonkhano wotsatira.

Osvaldo anaimirira Tânia asanakhale pansi. "Zaka zisanu agalu anga azidya chiyani? Ana anga azidya chiyani? Inu ku Chifunde nyama mumagula pamsika."

"Ndabwera kudzamva, bambo Osvaldo," anayankha Tânia. "Kambiranani ndi anthu kumidzi. Mwezi wamawa mudzandiuze."

Tsiku limenelo a Marko sanaseke. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu, manja ali pamawondo.

"Mukakane," anatero. "Thengo silitsekedwa ngati nkhokwe. Agwire a waya, athamangitse a makala, ine ndivomera. Koma uzimba unalakwa chiyani? Tsiku limodzi pachaka, dzuwa likuwala, aliyense akuona chimene mnzake wapha. Mukautseka zaka zisanu, ana amene akukula panopa adzauphunzira kwa ndani? Mukanene zimenezi, Nabanda. Monga ndanenera."

"Ndikanena."

Ndipo anakanenadi. Tsiku la msonkhano chipinda chinadzaza, anthu ena ataima m'mazenera. Itafika nthawi yake Albina anaimirira, anakonza nsalu yake, n'kunena kuti, "Awa ndi mawu a amuna anga, a Marko Mwale." Anawanena onse, osasiyako limodzi, ndipo amuna achikulire ankagwedeza mitu. Osvaldo anaomba m'manja.

Albina sanakhale pansi. "Tsopano anga. Ine ku Kamphanda ndimapita. Kale ukamazula bowa unkayang'ana pomponda chifukwa cha ndowe za nyama. Lero umayenda kuchokera kumtsinje mpaka kumatanthwe osaona ngakhale imodzi. Chaka chatha ndinapeza mbawala yaikazi itawolera pa waya, wotcherayo sanabwere n'komwe kudzaiona. A waya ndi a uzimba ndi ana athu omwewo. Mukatsekera ena n'kutsegulira ena, aliyense wopezeka m'thengo adzati akukonzekera uzimba. Ine ndikuti titseke."

Crimildo atati anthu akweze manja, dzanja la Albina linali pakati pa ovomera kutseka. Ovomera anaposa okana pang'ono chabe. Osvaldo anatuluka msonkhano usanathe, ndipo podutsa pafupi ndi Albina anati, "Amayi, nkhalamba ija mukaiuza chiyani?"

Panjira Albina anayesa kusanja mawu monga mwa masiku onse, koma sanasanjike. Atafika anakhala pamphasa osavula nsapato.

"Mawu anu ndanena onse. Kenaka ndanena anga. Ndakweza dzanja kuti atseke."

A Marko anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawuwo.

"Mwatero?"

"Ndatero."

Anafufuza ndodo yawo ndi dzanja, anaimirira, n'kulowa m'nyumba. Sanakalipe. Masiku otsatira ankadya, ankathokoza, ankayankha akafunsidwa, koma za nyama sanatchulenso. Mwezi wotsatira Albina atabwera kumsonkhano, a Marko anamva mapazi ake koma sanakweze mutu. Iye anaima pang'ono pabwalo, kenaka anapita kukatunga madzi.

Boma linavomera malangizo a komite, ndipo linati thengo lidzatsekedwa mvula yoyamba ikagwa. Kutatsala pang'ono, mitambo itayamba kusonkhana masana, a Marko anatuma mawu kwa Crimildo kuti abwere ndi mota yake.

"Unditengere ku Kamphanda," anatero Crimildo atafika. "Ndikufuna ndikafikeko asanakhome chitseko chawocho. Nabanda, inunso tiyeni. Mukandionere."

Anakwera atatu, Crimildo kutsogolo, a Marko pakati atakumbatira ndodo, Albina kumbuyo. Pamtsinje anatsika n'kuwoloka wapansi, madzi ali ofika m'kakolo. Kutsidya a Marko anakana kugwiridwa dzanja. Anati njira akuidziwa. Anayenda pang'ono molimba mtima, kenaka anagunda chitsa, anakhota, anagundanso china. Albina anawagwira pachigongono ndipo sanakanenso.

"Pano payenera kukhala mthunzi," anatero. "Misuku ija ili kuti? Dzuwa likundiwotcha pamutu."

Crimildo anayang'ana Albina.

"Yatsala yowerengeka, cha kumtunda," anatero Albina. "Pano pali zitsa. Kumanja kwanu kuli dzenje la makala, lakale. Kutsogolo kuli lina, likufukabe."

"Ndikumva fungo lake. Pitirizani."

Anawatsogolera mpaka kudziwe la pansi pa matanthwe, pamene nyama inkamwera m'chilimwe. Madzi analimo, obiriwira. A Marko anagwada pamatope ndi kuyamba kupapasa pansi, pang'onopang'ono, mbali iyi ndi iyo. Ankati akapeza phazi, zala zinkazungulira m'mphepete mwake.

"Ng'ombe," anatero. Anasuntha. "Ng'ombe. Mbuzi. Munthu wovala nsapato." Anapapasabe mpaka kumene matope anathera, kenaka anakhala pamwala, manja ali akuda. Anamvetsera. Kunali njiwa imodzi kutali, ndi nkhwangwa ikudula mtengo kuseri kwa phiri.

"Nthawi ngati ino nkhwali zikanakhala zikusokosa," anatero. "Crimildo, kuseri kuja kwa nsungwi, kumene mphalapala zinkaswera, malire anu akufikako?"

"Kumeneko tsopano ndi minda ya fodya, bambo. Papita zaka."

A Marko anagwedeza mutu pang'ono. Albina anatunga madzi ndi manja n'kuwathira m'manja mwawo kuti asambe. Ankayembekezera kuti amufunsa chifukwa chimene ankanenera kuti kuli bwinobwino, koma sanafunse. Anayamba kufotokoza za tsiku lina lakale, pamene njiri inatuluka m'dzenje pafupi ndi dziwe lomwelo n'kupita pakati pa miyendo ya bambo ake a Crimildo, iwo n'kugwera m'madzi mkondo uli m'manja. Crimildo anali asanaimvepo nkhaniyo, ndipo anaseka mpaka kupukuta maso. A Marko anafotokozanso ina, ndi ina, akuloza ndi ndodo malo amene panalibenso kanthu, ndipo awiriwo ankayang'ana kumene ndodo yaloza.

Dzuwa litapendeka anati, "Chinthu chimodzi, Crimildo. Zaka zanuzo zikadzatha, ngati kudzakhale chotsala, kudzabwera anthu a mfuti ochokera kumizinda, a malisensa awo. Musadzayambe ndi iwo. Mudzayambe ndi uzimba."

"Ife timangolangiza, bambo. Sindingalonjeze."

"Sindikunena ndi iwe wekha."

"Ndamva," anatero Albina.

Mvula inagwa, thengo linatsekedwa. Ntchito ya komite inachuluka. Ankayenda m'magulu pamodzi ndi ana a m'midzi kukazula misampha, ankalambula njira zotchinga moto, ankakangana ndi a makala amene ena anali abale awo. Osvaldo anabwerera ku komite patapita miyezi, akunena kuti wabwera kudzaona kuti asanamizidwe, ndipo anakhala wodziwa kupeza waya kuposa onse. Agalu ake ena anawapereka kwa achibale a kutali. A Marko anayambanso kufunsa za misonkhano, ngakhale sankasekanso ngati kale. Tsiku lina Albina anawabweretsera nthenga ya nkhanga imene anatola pafupi ndi dziwe, ndipo anaisisita tsiku lonse.

A Marko anamwalira m'chaka chachitatu thengo litatsekedwa, nthawi ya dzinja, chimanga chikumasula. Chinali chifuwa, ndipo sichinawagoneke nthawi yaitali. Kumaliro kunabwera anthu ochokera kutali, amuna a imvi amene Albina anali atawaiwala, aliyense ndi nkhani yake ya uzimba. Osvaldo anali mmodzi mwa onyamula bokosi, ndipo agalu ake awiri otsala anatsatira mpaka kumanda osathamangitsidwa ndi munthu.

Célia anapempha amayi ake kuti apite naye ku Tete. Albina anakana, koma ku komite anafuna kusiya. Chomupweteka sichinali msonkhano. Inali njira yobwerera. Ankapezeka wasanja mawu onse m'mutu, uyu anati, uyu anayankha, mpaka kuona denga la nyumba yake, n'kukumbukira kuti pakhonde palibe munthu. Anamuuza Vaileti zimenezi.

"Muzidzera kwanga," anatero Vaileti. "Ine za nyama sindizidziwa, koma makutu ndili nawo."

Anayamba kudzera kumeneko. Vaileti sankatsutsa chilichonse, ankangoti "ee" ndi "zoona", ndipo nthawi zina ankasinza. Sizinali zofanana, komabe Albina sanasiye komite.

Zaka zisanu zitakwana, Kamphanda sanabwerere mmene analili. Ngoma ndi mphalapala sizinaonekenso. Misampha inachepa koma sinathe. Komabe zitsa zinali zitaphuka kufika pamwamba pa mutu wa munthu, nkhanga zinkayenda m'magulu, agwape ankaoneka m'mawa, mapazi a mbawala anapezeka padziwe, ndipo nguluwe zinachuluka mpaka alimi a m'mbali mwa mtsinje ankagona kuminda.

Tânia, amene tsopano anali ndi imvi zake zoyamba, anabweretsa njira ziwiri. A ku disitiritu ankaganiza zowonjezera zaka zina zotseka. Kunalinso munthu wina wamalonda wa mumzinda amene ankafuna kumabweretsa alendo a mfuti kudzasaka nguluwe, ndipo ankalonjeza kukumba mjigo. Anthu anakangana m'mawa wonse. Ena ankafuna mjigo, ena ankaopa kuti thengo likalowa m'manja mwa mlendo silidzabwereranso.

Albina anaimirira mochedwa, atagwira tebulo chifukwa cha mawondo.

"Ine ndinakweza dzanja kuti titseke, ndipo sindikudandaula. Lero ndikupempha njira yachitatu. Thengo likhalebe lotseka chaka chonse, kupatula tsiku limodzi. Tsiku limenelo kukhale uzimba. Popanda moto, popanda waya, popanda mfuti. Yaikazi yokhala ndi mwana isiyidwe. Yophedwa idyedwe m'mudzi, isapite kumsewu."

"Amayi," anatero Tânia mofatsa, "nyama ikadali yochepa. Agalu sadziwa yaikazi ndi yaimuna."

"Ndikudziwa, mwanangu. Mwina tidzalakwa. Mudzabwere mudzaone nokha, ndipo zikadzaipa ndidzakhala woyamba kunena kuti titsekenso. Amuna anga anandipempha zimenezi, sindibisa. Koma si za iwo okha. Ana amene akuzula misampha aja sanamvepo phiri lija likulira ndi agalu. Tikuwauza kuti asunge chinthu chimene sakuchidziwa kukoma kwake. Ndiponso ineyo ndikufuna ndidzamvenso ndisanafe."

Osvaldo anayang'ana pansi, kenaka anati, "Ine ndili kumbali ya amayiwa." Manja atakwezedwa, njira ya Albina inapambana. Tânia anati akanena zonse ku disitiritu, ndi nkhawa zake zomwe. Yankho linachedwa mpaka anthu anayamba kuiwala, koma linafika: ayese kamodzi, Tânia alipo, kenaka komite idzakhalenso pansi.

Tsikulo Albina anadzuka kusanache bwino. Anamva amuna akusonkhana kubwalo la mpira, akuitanana ndi mluzu wa woimbira mpira. Dzuwa litakwera iye ndi Vaileti ndi amayi ena anatsikira kumtsinje ndi zigubu za madzi. Atsikana anabweranso, akufunsa kuti iwo ntchito yawo ndi yotani.

"Kudikira," anatero Albina. "Ndi kumvetsera."

Anakhala pamchenga. Kwa nthawi yaitali kunalibe kanthu. Kenaka galu mmodzi anauwa kumtunda, wina anayankha, ndipo mfuu inayamba. Sinali ngati yakale. Mzere unali wokhotakhota, Albina ankadziwa pomva. A kumanzere anathamanga kusiya anzawo, agalu ena ankalumana okhaokha, ndipo lamya ya wina inalira pakati pa thengo anthu n'kuseka. Mawu a Osvaldo ankamveka akusasa, akukalipira aliyense. Koma phiri linkabweza mawuwo monga linkachitira kale, ndipo pamene phokoso linatsikira kumatanthwe, agalu onse akuuwa pamodzi, Albina anapezeka waimirira, dzanja lili pakamwa. Vaileti anamuyang'ana, anangomukokera nsalu kuti akhale pansi.

Anatuluka m'thengo masana, otuwa ndi fumbi, okalika ndi minga, atanyamula nguluwe ziwiri ndi gwape wamphongo. Tânia anali pakati pawo, buluku lake litang'ambika pabondo. Ananena kuti mbawala yaikazi inadutsa pafupi ndi ukonde ndipo Crimildo anaugwetsa pansi dala kuti ipite. Ananenanso kuti galu wina anagwira kamwana ka gwape anthu asanafike, ndipo zimenezo adzazinena kumsonkhano. Albina anavomera ndi mutu.

Atamwa madzi, mkangano unabuka. Mnyamata amene analasa nguluwe yaikulu ankati ndi yake yonse. Mwini galu amene anaiimitsa ankati theka ndi lake. Eni maukonde nawo ankafuna gawo. Osvaldo ndi Crimildo anayesa kukumbukira mmene zinkagawidwira, koma aliyense ankakumbukira zosiyana, pakuti masiku amenewo iwo ankangolandira, ogawa anali akuluakulu. Pomaliza Crimildo anatembenukira kwa Albina.

"Amayi, inu munkakhalapo. Zinkayenda bwanji?"

Albina anayandikira. Anayang'ana nyamayo ili pamasamba, ndi nkhope zonse zikumuyang'ana.

"Mwendo wam'mbuyo ndi wa wolasa," anatero. "Wam'tsogolo ndi wa mwini galu. Matumbo apatseni agaluwo, agwira ntchito. Msana ndi wa eni maukonde."

Apo anali wotsimikiza. Za chidale, khosi ndi nthiti zinali zitamuthawa. Anayesa kuona manja a amuna ake akuloza chiwalo ndi chiwalo, koma chimene chinabwera chinali manja okhawo. Anthu ankadikirabe.

"Nthiti zigawidwe kwa onse amene anayenda. Khosi ndi la amayi otunga madzi. Chidale chipite kwa okalamba amene sangathe kufika kuno."

"Kale zinkatero?" anafunsa mnyamata wolasa uja.

"Zizitero," anayankha Albina.

Osvaldo anamuyang'ana m'mbali, anatsokomola pang'ono, n'kusolola mpeni. Atsikana anathamanga kukathyola masamba ena oyalapo, ndipo Albina anabwerera pamchenga kukakhala pafupi ndi Vaileti, amene anali atayamba kale kuwerenga pa zala maina a okalamba a m'mudzi kuti wina asaiwalike.